Achemwali anga akupita ku India kukalandira chithandizo cha khansa, tiwathandize bwanji?

Nachisale wa ku Lobi:
Moni nonse. Achemwali anga aakulu anawapeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, anayambira pa chipatala cha Dedza kenako anawatumiza ku Central ku Lilongwe, pano madokotala ndi banja tagwirizana zoti apite ku India. Ndalama tasonkha, malume agulitsa ng'ombe, amayi a Mvano nawo aponyapo kangachepe, koma mtima wanga suli m'malo chifukwa munthuyu sanakwerepo ndege ndipo chizungu amangomva pang'ono. Gadiyani akhale ndani, aphunzitsi alamu athu kapena ine? Tinyamule chani? Nanga otsala kuno tiziwalimbikitsa bwanji? Amene munadutsamo tiuzeni chonde.

Bambo a Tadala, Lizulu:
Pepani kwambiri achemwali. Ine ndinaperekeza mayi a kunyumba. Choyamba mapepala, tengani zonse za biopsy (zotsatira za kanyama kamene anadula kukapima), ma scan, buku la kuchipatala, muzijambulenso pa foni. Viza ya wodwala ndi ya gadiyani ndi zosiyana, kafunseni ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe nthawi ikadalipo, kadi ya katemera wa yellow fever osaiwala poti mudutsira ku Addis Ababa kapena Nairobi. Za gadiyani ine ndinganene kuti apite amene angathe kufunsa dokotala mafunso osachita manyazi komanso amene wodwala angamuvulire, chifukwa radiotherapy (kuwotcha khansa ndi makina) ya malo amenewo imabweretsa kutsegula m'mimba ndi kutentha pokodza, akaonjeza kemo (mankhwala amphamvu opha khansa) ndiye nseru, kufooka, munthu amafuna womusambitsa usiku. Ngati chizungu mumatha pitani inuyo.

Nangondo:
Ufa!! Nyamulani ufa woyera ndi kausipa kouma ngati akulolani, chakudya chakumeneko tsabola too much ndipo munthu wa pa kemo m'kamwa mumawawa. Pezani malo ogona okhala ndi kitchini pafupi ndi chipatala muziphika nokha kaphala. Mayi anga mpunga anaukana, nsima yokha ndi imene inkalowa.

Mphunzitsi wa ku Bembeke:
Ine ndilankhule za otsala kuno chifukwa ndi pamene mabanja ambiri timagwa. Tsiku lonyamuka aliyense amabwera, mapemphero, misozi pa Kamuzu Airport, gulu la WhatsApp lili moto, koma ikatha milungu itatu anthu ziii, pamene wodwala ndiye wafika povuta penipeni ndipo ndalama zayamba kutha poti dokotala akhoza kuonjezera masiku. Musapereke zonse nthawi imodzi, sungani ina ya pakati ndi ya pobwera, musankhe munthu mmodzi wosunga thumba azilemba chilichonse cholowa pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pasadzakhale kulozana zala. Za madola yambani kuyenda ku banki pano ndi kalata ya chipatala, forex ikuvuta, kwacha chigwetsereni ndi 44% mu November 2023 zonse zinakwera.

Gawanani masiku oimba foni, India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka ndiye mukaimba 7 koloko madzulo mukumudzutsa wodwala. Ndipo musamangofunsa kuti mukupeza bwanji, amatopa nalo funsoli, muuzeni za kachewere kumunda, za ana kusukulu, mumutumizire voice note ya kwaya yawo. Gadiyani nayenso muzimuimbira payekha, amalira kubafa uyo osauza munthu.

Nachisale wa ku Lobi:
Zikomo nonse, ndalemba zonsezi. Alamu avomera kuti ndipite ine iwo atsale ndi ana. Funso lina, akabwerako ma review azikapangira komweko?

Bambo a Tadala, Lizulu:
Ayi, pemphani lipoti lonse la mankhwala amene alandira musananyamuke kumeneko, mukalipereke ku Cancer Centre ya pa Central, azikawaonera pomwepo.