Ndithandizeni pa nkhani ya kupindika kwa mapuloteni mu mitochondria

Moni nonse, aphunzitsi anzanga ndi inu a zaumoyo amene muli m'gulu lino. Ndine mphunzitsi wa bayoloje ku Ulongue, m'boma la Angónia, ndipo ndagwira njakata ndi funso limene wophunzira wanga wa kalasi 12 anandifunsa sabata yatha. Funso lake ndi ili: n'chifukwa chiyani vuto la kupindika kwa mapuloteni mu mitochondria (tizigawo ta m'maselo timene timapanga mphamvu) limagwira makamaka miyendo, osati thupi lonse?

Mwa munthu, DNA ya mu mitochondria imasunga malangizo a mapuloteni 13 okha, ndipo ena onse, amene ndi oposa 1,000, amapangidwira kunja n'kulowa ali otambasuka ngati ulusi kudzera pa zipata za TOM ndi TIM. Akamalowa, puloteni yothandizira yotchedwa Hsp70 imawakokera m'kati, kenako ena mwa iwo puloteni ina yothandizira, Hsp60, imawatsekera m'mimba mwake ndi chivindikiro chake, Hsp10, kuti apindike bwino. Apa ndikumvetsa. Chandisokoneza n'chakuti jini ya HSPD1, imene imapanga Hsp60, ikawonongeka imayambitsa matenda akumtundu otchedwa SPG13, amene amaumitsa ndi kufooketsa miyendo, chonsecho pafupifupi maselo onse a m'thupi ali ndi mitochondria.

Ndafufuza m'mabuku athu a Chipwitikizi koma nkhaniyi mulibe. Namwino wina wa mumzinda wa Tete anandiuza kuti sanaphunzirepo zimenezi, ndipo zolemba zambiri za pa intaneti n'zolipiritsa. Ine ndikuganiza kuti chifukwa chake ndi kutalika kwa mitsempha yochokera ku ubongo kutsikira mumsana, imene imafuna mphamvu zambiri.

Kodi ganizo limeneli ndi loona, kapena pali chifukwa china? Chonde ndifotokozereni m'njira yoti ndikathe kujambula pa bolodi Lolemba likubwerali, pakuti mwanayu ndinamulonjeza yankho.