Ndithandizeni kumvetsa N-methylhistamine

Anzanga odziwa chemistry, chonde ndithandizeni. Ndakhala ndikujambula mamolekyu papepala kuyambira madzulo, pano mutu waima.

Zomwe ndagwira ndi izi: histamine (kemikolo ya m'thupi yoyambitsa zizindikiro za allergy) ikamaliza ntchito, enzyme yotchedwa HNMT imatenga kagulu ka methyl ku SAM (molekyu yopereka methyl m'thupi) n'kukamata pa mphete ya histamine yotchedwa imidazole. Pamenepo histamine (C5H9N3) imasanduka C6H11N3, yomwe ndi N-methylhistamine. Kenako enzyme ina, MAO-B, imayamba kuiphwanya mpaka ikhale methylimidazoleacetic acid, yotuluka mu mkodzo, koma N-methylhistamine ina imatulukanso mu mkodzo isanaphwanyidwe. N'chifukwa chake madokotala akamakayikira mastocytosis (matenda ochulukitsa maselo otulutsa histamine) amayeza N-methylhistamine mu mkodzo wa maola 24, poti histamine yeniyeniyo sichedwa m'magazi, mphindi zochepa yazimiririka.

Pandisokoneza ndi apa. Palinso Nα-methylhistamine, fomula yake yomweyomweyo, kungoti methyl ili kumchira osati pa mphete. Imeneyi imadzutsa H3 receptor (malo ena a pa selo omwe histamine imagwira) mwamphamvu, pomwe inzake ija ndi yofooka zedi. Kagulu kamodzi kokha kusamuka malo, basi zonse n'kusintha chonchi? Kodi nkhani yagona pa nitrogen wa pa mphete, kuti akamatidwa methyl sangathenso kugwirana bwino ndi receptor?

Amene mukudziwa mundifotokozere pang'onopang'ono, mayeso ali Lachisanu.