Ndalota Ganesha: kodi Ahindu amamasulira bwanji maloto otere?

NaBanda wa ku Lenasia:

Moni nonse abale anga okhala kuno ku Johannesburg. Ine ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa banja lina la Chihindu ku Lenasia, ndipo chaka chino ndi chachinayi. M'nyumbamo muli kachipinda kopemphereramo, momwe muli zifanizo za milungu yawo ndi chithunzi cha mphunzitsi wawo wa zauzimu, amene amamutcha guru. Ine ndimangokolopa pansi, zifanizozo sindizikhudza. Lachiwiri lapitali m'bandakucha ndinalota mulungu wa mutu wa njovu uja, Ganesha, atakhala pakhomo la nyumba ya mayi anga ku Dedza, akungondiyang'ana osanena kanthu. Nditawafotokozera amayi a m'nyumba muno anasangalala kwambiri, nandipatsa zotsekemera zawo zija, nanena kuti njira yanga yatseguka. Ine ndinabadwira mu mpingo wa CCAP, choncho mtima wanga sukukhazikika. Kodi m'chipembedzo chawo loto lotere limatanthauza chiyani, nanga pali chimene akuyembekezera kuti ndichite?

Bambo a Tadala, Fordsburg:

Achemwali, musade nkhawa. Ine ndagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ya Ahindu kwa zaka zambiri, ndipo chimene chinawasangalatsa amayiwo ndikuchimvetsa. Kwa iwo kuonana maso ndi maso ndi mulungu ndi dalitso palokha, lomwe amalitcha darshan, ndipo ambiri akamapita kukachisi amapitira chimenechi: kuti aone mulungu, nayenso awaone. Tsono inu mwalota akukuyang'anani, ngakhale sanalankhule. Chinanso, Ganesha ndi amene amati amachotsa zopinga, n'chifukwa chake amayamba kumupembedza iye asanatsegule bizinesi kapena kumanga ukwati, ndipo chifanizo chake amakonda kuchiika pakhomo penipeni, monga munamuonera. Nthawi nayonso amaiwerengera. Mabuku awo otchedwa Purana amati loto la kumayambiriro kwa usiku limatha chaka lisanakwaniritsidwe, pamene la m'bandakucha silichedwa, ndi masiku khumi chabe. Amatinso ukalota zabwino usagonenso, koma ukalota zoipa ugonenso kuti lotolo lifafanizike. Za kusiya mpingo wanu sindikhulupirira kuti angakuuzeni, poti ine palibe anandikakamizapo.

Mphwake wa Gama, Braamfontein:

Zimene anena Bambo a Tadala ndi zoona, koma ndi mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo ndi imene ingakukhazikeni mtima pansi, amayi. Ahindu eniake sanena kuti loto lililonse ndi uthenga. Buku lawo lakale la zamankhwala, Charaka Samhita, limagawa maloto m'mitundu 7: ochokera ku zimene munthu waona, zimene wamva, zimene zamuchitikira, zimene akulakalaka, zimene wangoganizira, olosera zam'tsogolo, ndi obwera chifukwa cha kusokonekera kwa thupi. Mitundu isanu yoyambayo bukulo limati ilibe chipatso chilichonse. Munthu amene wakhala zaka zinayi akukolopa patsogolo pa chifanizo cha Ganesha, sing'anga wa Ayurveda, mankhwala a makolo a ku India, angayambe wamufunsa ngati lotolo silili la mtundu woyamba uja, wa zooneka ndi maso masana.

Anzeru awo akale anapita patali kuposa pamenepa. M'buku lawo lopatulika la Brihadaranyaka Upanishad, wanzeru wina dzina lake Yajnavalkya akuuza mfumu Janaka kuti kumaloto kulibe magaleta, kulibe akavalo, kulibe misewu, koma wolotayo amazilenga yekha. Mandukya Upanishad, yomwe ili ndi ndime 12 zokha, imatchula kukhala maso, kulota, tulo tofa nato, ndi chachinayi chotchedwa turiya, chimene chimaposa zitatuzo, ndipo chimene munthu wofunafuna choonadi ayenera kulondola ndi chachinayicho, osati maloto. Sindikunena kuti abwana anu alakwitsa, pakuti m'nyumba zambiri za Chihindu loto la mulungu amalilandira ndi manja awiri. Ndikungonena kuti m'chipembedzo chomwecho muli aphunzitsi amene angamve loto lanu, n'kumwetulira, n'kukuuzani kuti mupitirize ntchito yanu.

Agogo a Mwayi, Mayfair:

Mwana wanga, ine chimene ndinaona pa anansi anga a Chihindu n'chakuti loto limene amalilemekeza koposa ndi la guru, makamaka iye akapereka mawu opempherera otchedwa mantra. Amasimba za Tukaram, woyimba nyimbo zauzimu wa ku Maharashtra, ku India, wa m'zaka za m'ma 1600, amene analandira mawu akuti Rama Krishna Hari kwa mphunzitsi wake Babaji Chaitanya kumaloto, nawagwiritsa moyo wake wonse. Amasimbanso za katswiri wa masamu Srinivasa Ramanujan, amene anamwalira mu 1920, yemwe ankati nzeru zake zimachokera kwa Namagiri, mulungu wamkazi wa banja lawo, kudzera m'maloto. Koma taonani kuti onsewa analota za m'chipembedzo chimene anali nacho kale. Zikufanana ndi kwathu, kumene munthu akalota malemu agogo ake akudandaula njala, akuluakulu amadziwa kuti pakufunika nsembe, koma akalota gogo wa mudzi wina palibe amene amafulula mowa. Chokhacho ndikuchenjezeni, musatengere loto limeneli kwa anthu aja omata mapepala pamitengo ya magetsi m'tauni muno, olonjeza kumasulira maloto, chifukwa kumeneko mukangosiya malipiro anu a mwezi.

NaBanda wa ku Lenasia:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu agogo. Achimwene a ku Braamfontein mwandikumbutsa chinthu: Lolemba lake tinali pa kalikiliki wokonzekera chikondwerero cha kubadwa kwa Ganesha, chotchedwa Ganesh Chaturthi, ndipo ndinakhala tsiku lonse ndikutunga maluwa oti akavekedwe chifanizo chomwecho. Dzulo ndinawaimbira mayi ku Dedza n'kuwafotokozera zonse. Iwo za Ganesha sakuzidziwa, anangofunsa ngati njovuyo inalowa m'munda, ndipo nditawayankha kuti inangokhala pakhomo, anati ndiwatumizire ndalama ya feteleza mvula isanagwe.