Kodi "run to ground" ndi kugwira munthu kapena kungomupeza?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Chiganizo chakuti "The police finally ran him to ground in a farmhouse" chikunena kuti apolisi anamugwetsa pansi, kapena anamumanga? Nanga "run to earth" n'chimodzimodzi?

aPhiri: Kugwetsa pansi ayi, mayi. Anamusakasaka kwa nthawi yaitali mpaka kumupeza komwe ankabisala. Mawuwa anachokera ku uzimba wa nkhandwe ku Britain: alenje ali pa akavalo, agalu patsogolo kutsata fungo, nkhandwe ikathedwa mphamvu n'kulowa mu una wake. Unawo Angerezi amautcha "earth", n'chifukwa chake ziwirizo n'zofanana. Uzimba wotere unaletsedwa ku England ndi ku Wales ndi lamulo la Hunting Act 2004, koma mawu ake adakalipo.

Chofunika kwambiri n'chakuti nkhandwe ikalowa mu una sinagwidwe, yangosowa kolowera. Choncho kumangako kumanenedwa padera: "ran him to ground and arrested him". M'nkhani za apolisi owerenga amangoganiza okha kuti womupezayo anamangidwa, koma mawuwo paokha sanatero.

Nyakwawa: Ndiwonjezere za kalembedwe. Wosakidwayo amakhala pakati: "ran him to ground", osati "ran to ground him". Mukayamba ndi wosakidwayo ndi "he was run to ground". Ambiri amalemba "was ran", kumene n'kulakwa. Musaikemonso "the". Ndipo payenera kukhala khama lofufuza. Kiyi amene mwamupeza m'thumba pompano simungamunenere mawuwa, koma buku losowa limene mwaliyendera masitolo ambiri, inde.

Chimwemwe_K: Pomwe anthu amapunthwa ndi pa mawu ofanana nawo. "Go to ground" amanenera wothawayo, kuti wabisala, wangoti zii. "Run into the ground" ndi kugwiritsa ntchito chinthu mosasamala mpaka kutheratu, monga galimoto kapena kampani. Tangoganizani kulemba kuti apolisi "ran him into the ground", ndiye kuti anamukhetsa thukuta mpaka kulefuka! "Run aground" ndi za sitima yotitimira mumchenga pamadzi osaya.

aPhiri: Zoona, achimwene. Ndipo ngati mukulembera anthu amene Chingerezi cha ku Britain sanachizolowere, mayi, ingolembani "tracked him down". Aliyense amamva.