Kodi dzira la Drosophila limadziwa bwanji mbali yodzakhala mutu?

Nabanda:
Ndikuwerenga za kakulidwe ka mluza wa Drosophila, tintchentche timene timaunjikana pa nthochi yofewa ija, ndipo pali chinthu chimene chandiimitsa mutu. Mabuku akunena kuti dzira lisanakumane n'komwe ndi umuna, mbali yodzakhala mutu ndi yodzakhala kumchira zimakhala zitadziwika kale. Popeza majini a mluzawo amakhala asanayambe ntchito, ndani amalemba malire amenewa?

Phiri:
Mayi Nabanda, ntchitoyi imagwiridwa m'thupi la make dziralo. Dzira likamakula limakhala lolumikizana ndi maselo 15 olidyetsa, ndipo maselowa amathiramo mauthenga a RNA, omwe ndi makope a malangizo a m'majini opangira mapuloteni. Koma uthenga wotere suyenda wokha, umafunika puloteni youigwira. Yodziwika kwambiri ndi Staufen, imene Daniel St Johnston ndi anzake anaifotokoza mu 1991. Imakakamira pamene RNA yapindika n'kukhala ngati zingwe ziwiri zopotana, ndipo imathandiza kuti uthenga wa jini yotchedwa oskar ukafike kumchira, wa jini ya bicoid ukhazikike kumutu. Staufen ikasowa, mluza sukhala ndi maselo odzabereka, ndipo chigawo cha mimba sichipangika.

Mbewe:
A Phiri afotokoza bwino za kunyamula, koma ine ndimaona kuti chogometsa kwambiri ndi kutsekereza. Uthenga wa jini ya hunchback wochokera kwa make umakhala ponseponse m'dziramo, kumutu ndi kumchira komwe. Kumchirako, mapuloteni awiri, Pumilio ndi Nanos, amaugwira cha kumapeto kwake kuti usawerengedwe, moti puloteni ya Hunchback imangopangidwa kutsogolo. Puloteni ya Bicoid nayo, ngakhale timaidziwa ngati yogwira DNA, imagwiranso uthenga wa jini ya caudal kumutu n'kuutseka pakamwa. Choncho uthenga kupezeka pamalo sikutanthauza kuti wamveka, ndipo ophunzira ambiri amalakwitsa mayeso pa mfundo yomweyi. Mukafuna mbiri yake, yambirani pa Christiane Nüsslein-Volhard, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1995 pamodzi ndi Eric Wieschaus ndi Edward Lewis.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Nanga mapuloteni amenewa ndi a tintchentche tokha?

Phiri:
Ayi mayi, ifenso tili nawo. Staufen ndi Pumilio zimapezeka m'maselo a ubongo wa munthu, mmene uthenga umafunika kuyenda mtunda wautali kuchoka pakati pa selo kukafika kunsonga za nthambi zake. Puloteni ina yogwira RNA yotchedwa FMRP ikasowa mwa mwana, amadwala matenda a fragile X, amene amachedwetsa kuphunzira. Kantchentche kali ndi jini yofanana nayo yotchedwa dFMR1, ndipo akaichotsa, nsonga za mitsempha zolumikizana ndi minofu zimaphuka nthambi zochuluka mopitirira muyezo. Palinso puloteni yogwira RNA yotchedwa TDP-43, imene mu 2006 inapezeka itaundana m'maselo a mitsempha ya anthu odwala ALS, matenda opha mitsempha yoyendetsa minofu. Mnzake wa mu Drosophila amatchedwa TBPH.