Zatsopano pa Datsun 280ZX yomwe inkazima ikatentha

Mwezi watha ndinafunsa chifukwa chimene Datsun 280ZX ya 1981 ya malume anga, yomwe ili kuno ku Kasungu, inkalirira mokwera ndi kutsika ikaima, kenako n'kuzima injini ikangotentha. Ambiri munandilangiza kuti ndisinthe mapulagi ndi fyuluta ya petulo. Tinasinthadi, koma vuto silinathe.

Gwero lake linali paipi yamphira yolumikiza chipangizo choyeza mpweya ndi injini. Injini ya galimotoyi, ya mtundu wa L28E, imatsatira dongosolo lothirira petulo la L-Jetronic la kampani ya Bosch, momwe kachitseko ka m'chipangizocho kamakankhidwa ndi mpweya wolowa, ndipo kompyuta imawerengera petulo potengera mmene katsegukira. Paipiyo inali itang'ambika kunsi, m'makwinya momwe diso silifika, moti mpweya wosayezedwa unkalowa, petulo n'kumachepa. Makaniko anaipinda ndi dzanja injini ikulira, ndipo inazima pomwepo.

Titaika yatsopano, tinapeza kuti mawaya a sensa ya kutentha kwa madzi achita dzimbiri lobiriwira, zomwe zimachititsa kompyuta kuganiza kuti injini idakali yozizira n'kumathira petulo wochuluka. Tinawapala bwinobwino. Mavaluvu tinawachuna injini ili yotentha, kusiya mpata wa 0.25 mm pa olowetsa mpweya ndi 0.30 mm pa otulutsa utsi.

Amene munati titsegule chipangizo choyeza mpweya n'kukoka sipuling'i yake, pepani, sindikugwirizana nanu, chifukwa kutero kumangobisa nthenda. Chatsala ndi kuyeza mphamvu imene petulo amakankhidwira m'mapaipi, yomwe iyenera kukhala pafupifupi 2.5 bar, tikabwereka geji ku Lilongwe.