Tiunike bwanji malo ogona alendo popanda kuphimba nyenyezi?

Wa ku Matawale: Akuluakulu, thandizeni. Malo ogona alendo akakhala pa phiri la Zomba kapena m'paki ya Liwonde, tiike magetsi otani m'makonde ndi m'tinjira kuti mlalang'amba uzionekabe?

Wa ku Chinamwali: Yambani ndi babu, achimwene. Onani nambala pa katoni, mugule la 2700K kapena lochepera apo, lowala mwachikasu. La 6500K lili ndi kuwala kwa buluu kochuluka, ndipo n'komwe kumamwazika kwambiri mumlengalenga. Paphiri pakagwa chifunga, thambo lonse limangoyera mbee.

Koma chachikulu ndi chivundikiro. Babu lilowe m'kati ndithu, munthu woima patali asalione, kuwala kuzigwera pansi pokha. Ambiri amalakwitsa popendeketsa nyale yachitetezo kuti iwale patali. Imathobwa mlonda m'maso, kuseri kwa nyumba kumatsala mdima wandiweyani, kuwala kwina n'kungopita kumwamba.

Wa ku Domasi: M'tinjira ikani nyale zazifupi, zosapyola m'bondo. Ku khitchini ndi koimika magalimoto ikani sensa yoyatsa magetsi munthu akamadutsa, iziwazimitsa pakatha mphindi 2 kapena 3. Batire ya sola imakhalitsanso. Kumbukiraninso tizilombo touluka, ngumbi ndi agulugufe ausiku amazungulira babu mpaka kutopa n'kufa.

Wa ku Mpondabwino: Alendo apatseni tochi zowala mofiira. Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, foni ikangowala kamodzi mwayambiranso. Makatani a m'zipinda azitsekedwa dzuwa likalowa.